Chikole chinabwezedwa chifukwa cha nthomba

Pali nkhani ina imene siyitha pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp, yoti kale mabanja ankalimba chifukwa atsikana anali aulemu ndipo anyamata sankadziwa zibwenzi zamseri. Wina amangoponya chithunzi cha nyumba yaudzu, mayi akusinja pamtondo, basi makomenti mbwee, aliyense kale linali kale, tibwerere ku chikhalidwe chathu. Ine ndikamawerenga zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa ndinaleredwa ndi anthu amene kale limenelo analiona ndi maso, ndipo iwo sankalikamba chonchi ayi. Akayamba nkhani ya mmene anapezerana ndi amuna awo, posakhalitsa atchula matenda. Akayamba ya matenda, ikathera ku ukwati wa auje umene unatha kapena umene unalimba. Kwa iwo kufunsirana ndi kudwazika zinkayendera limodzi, munthu posankha mnzake ankakhala akuganiza kale za tsiku limene mmodzi adzagone pamphasa osatha kudzuka.

Mudzi umene ndikunena ndi wa Achewa, m'chigawo chapakati, nthawi ya Nyasaland, kuyambira m'ma 1940 kufika m'ma 1960. Kuti munthu akafike ku mishoni ya Nkhoma ankanyamuka tambala woyamba n'kukafika dzuwa litapendeka. Mudziwo tinganene kuti unali wa azimayi, chifukwa nyumba zonse zinkazungulira gogo mmodzi wamkazi, ana ake aakazi, ndi ana a anawo. Amuna obadwira pamudzipo akakula ankapita kukakwatira kwina, amene ankagona m'nyumbazo anali akamwini, anthu obwera. Mwana anali wa kwa mayi ake. Akadwala, akapalamula, akafuna banja, woyamba kuuzidwa sanali bambo womubereka koma atsibweni, alongo awo a amayi, eni mbumba, olo akhale mudzi wachitatu mthenga ankathamanga ndithu.

Agogo anga aakazi ankati ntchito ya mkazi inalibe Lamulungu. Kulawira kudambo ndi mtsuko, kukonola chimanga, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kusinjanso, kuyanika ufa pamphasa uku ukuingitsa nkhuku ndi mbuzi, chigayo kunalibe. Kufutsa nkhwani ndi khwanya n'kumanga zikwatu zoti mudzadye m'malimwe, kucheza chidulo, kutola nkhuni, kuzira nyumba, zonsezi mwana ali kumbuyo ndipo kumunda wapitako kale mmawa. Amuna nawo kusosa, kupalira, kubandira, kuluka nkhokwe, kufolera, kusema mipini, komanso mutu wa msonkho umene atsamunda anauyambitsa m'ma 1890. Msonkhowu ndi umene unkatulutsa amuna m'midzi. Ena ankalima fodya wamoto amene anafala m'madera a Lilongwe ndi Dowa m'ma 1920, koma ambiri ankalowera ku Halale, kaya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi, ena osabwereranso, matchona aja.

Pakudya amuna ankadyera pamodzi kumphala, nsima ikuchokera nyumba iliyonse, akazi ndi tiana kwaokha. Ichi ndi chinthu chimodzi chimene ndimachisilira kwambiri, chifukwa mwana wamasiye sankagona ndi njala pamudzi pamene utsi ukufuka. Mwana akangosinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo, anyamata kugowelo, atsikana kukuka kwa agogo, ndipo ndi kukuka komweko kumene zinsinsi zonse za atsikana zinkafikira.

Nde chibwenzi chinkayamba bwanji poti maso ali paliponse? Mwezi ukawala atsikana ankavina chitelera pabwalo, anyamata a midzi yoyandikana n'kubwera kudzaonerera, pena kumganda, pena kudima polimira mowa, pena pamaliro pomwe, kenaka matchalitchi atafala kunabweranso kukalasi ndi kusukulu ya mishoni. Mnyamata sankangofika n'kuyamba kulankhula, ankatuma mlongo wake kapena mnzake wa mtsikanayo. Mtsikana naye sankalola tsiku lomwelo olo mtima ukhale utagunda kale, ankati ndikaganize kaye, n'kudutsa mwezi. Akalola mnyamata ankapereka chikole, mikanda, kampango, pena sopo kapena kandalama kachitsulo. Chikolecho mtsikana sankakaonetsa mayi ake, ankakaonetsa agogo kukuka usiku, agogo ndi amene ankauza mayi, mayi n'kuuza atsibweni.

Kenaka atsibweni a mnyamata ankabwera, odi kuno, n'kukhala pamphasa, kulonjerana kaye mpaka nkhuku ndi mbuzi zomwe, pomaliza n'kunena kuti taona mbeta pakhomo pano. Yankho linali limodzi nthawi zonse, tamva, pitani kaye tifunse mwana. Ambiri timaganiza kuti kudikiritsa kumeneku unali mwambo chabe wodzikweza mtengo, koma agogo anandiuza kuti masabata amenewo inali nthawi ya kafukufuku. Ankatuma mayi wina wochenjera ngati akukacheza kwa abale ake kumudzi kwa mnyamatayo, n'kukafunsafunsa kuchitsime. Ulesi ndi kuba ankafunsa inde, koma mafunso akuluakulu anali a matenda. Kubanja kumeneko kulibe khate? Kulibe wakhunyu? Wamisala? Wina anafapo ndi chifuwa chachikulu? Akumbali ya mnyamata nawo ankachita chimodzimodzi, kufuna kudziwa ngati akazi a mbumba imeneyo amabereka ana okhala moyo. N'chifukwa chakenso ukwati wa pachisuweni unkakondedwa, mwana wa atsibweni kapena wa azakhali unkamudziwa kuyambira ali wakhanda, panalibe zofufuza.

Ndimawamvetsa anthu amenewa, analibe chipatala pafupi, kulakwitsa posankha kunali kudzisenzetsa mtolo wa moyo wonse. Koma tiyeni tinene zoona, kafukufuku ameneyu anapweteka anthu ambiri osalakwa. Khunyu sapatsirana, koma wakhunyu ankadya payekha ndipo akagwera pamoto ena ankaopa kumugwira. Wakhate ankamangiridwa kanyumba kumapeto kwa mudzi kapena kupita ku Mua kumene amishoni ankasunga odwala khate kuyambira m'ma 1920, ndipo alongo ake athanzi lawo ankakalamba osafunsiridwa chifukwa cha dzina la banja basi.

Agogo anga anali atalandira kale chikole chawo, mikanda ya m'khosi ndi kampango, ankhoswe atakumanapo kamodzi, pamene nthomba inalowa m'mudzi nkhondo yachiwiri itangotha. Amene munabadwa posachedwa simunaione nthomba, ndipo muzithokoza. Inkayamba ndi kutentha thupi, mutu ndi msana kuwawa koopsa, patatha masiku ochepa nsungu n'kutuluka kumaso, m'manja, m'miyendo, mkamwa momwe, n'kudzaza mafinya. Mtundu woopsa uja unkapha anthu atatu mwa khumi alionse ogwidwa, opulumuka ankatsala ndi zipsera zamaenjemaenje, ena khungu. Akuluakulu ankadziwa kuti imapatsirana ndiponso kuti amene anadwalapo sadwalanso, nde ankamanga msasa kutchire kutali ndi nyumba, odwala onse kumeneko, wowasamala n'kukhala munthu wa zipsera kale. Mudzi wonse unkadika, mwamuna ndi mkazi mphasa zosiyana, ng'oma zii.

Agogo anapita kumsasako ndi kamlongo kawo kakang'ono. Wowadwazika anali mayi wina wachikulire wa pamudzi pomwepo amene nthomba inamusiya ndi diso limodzi ali mwana. Ankawagoneka pamasamba a nthochi chifukwa mphasa inkamatirira kuzilonda, ankawatsuka m'maso ndi madzi ofunda mmawa uliwonse kuti zikope zisamatane, phala la madzimadzi ankawathira mkamwa pang'onopang'ono ndi chipande poti kumeza kunali nkhondo. Chakudya akumudzi ankachisiya pamwala wina panjira n'kuitana patali, mayi awo owabereka ankaima pamenepo n'kufuula kuti agona bwanji ana angawo, yankho likabwera n'kubwerera akulira chamumtima. Kamlongo kaja sikanabwerere. Anakaika komweko, popanda kulira maliro, ndipo agogo anadziwa patapita masiku chifukwa nthawi imeneyo anali asakuzindikira kanthu.

Atachira anabwerera kumudzi tsitsi litasosoka, nkhope yonse maenje. Galasi analibe, koma ankati anadziwa mmene akuonekera chifukwa tiana timene ankatibereka kumbuyo nthomba isanabwere tinkathawa kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Sipanapite nthawi atsibweni a mnyamata uja anabwera, odi kuno, kulonjerana monga mwa masiku onse, kenaka akuti mwana wathu akuti ayambe wapita ku Halale akapeze kansalu, sitikufuna kumangirira mwana wanu. Aliyense anamva chimene chikunenedwa. Atsibweni a agogo sanayankhe zambiri, anatuma mwana kukuka kukatenga kampango ndi mikanda ija, n'kuziika pamphasa patsogolo pa alendowo. Mnyamatayo ku Halale sanapite, anakwatira mudzi wina chaka chomwecho.

Pali munthu mmodzi amene sindinamutchule. Nthawi ya msasa ija pankafunika wina wokafikitsa nkhuni ndi madzi pamsasa penipeni, poti mayi wa diso limodzi uja sakanatha zonse yekha, ndipo atsibweni anapempha mnyamata wina wa mudzi wa kutsidya, msuweni wapatali, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Ku Wenela anamutemera nthomba asanalowe mumgodi, anali ndi kachipsera ka katemera pamkono, nde iye sankaopa. Ankapita mmawa ndi madzulo, mtolo paphewa, ndipo anawaona agogo pa nthawi imene ngakhale mayi awo sanawaone. Amenewo ndiwo agogo anga aamuna.

Sanafunsire nthawi yomweyo, panadutsa dzinja lathunthu. Atatuma mlongo wawo agogo aakazi anakana, ankaganiza kuti ndi chipongwe kapena chifundo, ndipo zonse ziwiri sankazifuna. Anatumanso, anakananso. Kachitatu anabwera okha n'kuwadikira panjira ya kudambo, zimene zinali zosayenera kwenikweni. Agogo aakazi ankakonda kubwereza kagawo kameneka, ankandiitana kuti amuna anga monga agogo amachitira ndi adzukulu aamuna, amuna anga tamverani, ndinatula mtsuko pansi n'kuwafunsa kuti inu, mwandiyang'ana bwinobwino kodi? Iwo akuti, ndinakuyang'anani kumsasa kuja, lerotu mwachira.

Sindikufuna ndiikongoletse kuposa mmene inalili. Agogo aamuna anali amasiye, okulirapo, ndalama za ku Joni zinali zitathera msonkho ndi mabulangete a abale, sanali mnyamata wolimbirana. Ndipo iwo eni ankanena poyera kuti anaona mkazi wolimba amene nthomba siidzamugwiranso, amene angadzathe kudwazika ana ikabweranso. Wina anganene kuti chimenecho si chikondi ndi masamu. Ine ndimakana. Munthu amene wakuona uli ndi mafinya thupi lonse, wamva fungo lake, n'kubwera patatha chaka kudzakupempha katatu konse, ameneyo wakukonda, kaya iye mwini akufotokoza motani.

Chinkhoswe chinali chosavuta, tambala kuchokera kuchimuna, thadzi kuchokera kuchikazi, mowa ndi thobwa, malangizo, basi. Ng'ombe za malowolo ngati kwa Angoni kapena Atumbuka kunalibe, mkamwini ankalipira ndi msana wake. Anamanga nyumba pamalo amene anamulozera, analima munda wa apongozi asanayambe wake, nkhokwe ya apongozi ikapendama woyamba kuitanidwa anali iye. Akakumana ndi apongozi aakazi panjira ankapatukira kutchire n'kunjuta, mawu ankadutsira kwa mwana, tauzani agogo anu kuti nkhuni zija ndatula kuseri. Kudya pamaso pawo zosatheka. Koma apongozi omwewo atadwala mwendo mpaka kulephera kuyenda, amene anagwira kutsogolo kwa machila anali mkamwini yemweyo, ndipo palibe ananena za manyazi tsiku limenelo.

Tsopano ku ana, ndipo apa ndi pamene ndimalephera kugwirizana ndi aja amati tibwerere kale. Mayi ankachirira m'nyumba, azamba ndi amayi achikulire atazungulira, mwamuna kutali. Mchombo ankadula ndi kabango kapena lumo lomwe lija lometera ndi kutemera mphini, n'kupakapo zopakapaka, mayi ndi mwana n'kukhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Mwana woyamba wa agogo anayamwa bwinobwino masiku oyamba, kenaka anasiya, nsagwada zinauma, kathupi kankangoti gwa n'kupindikira kumbuyo. Lero nesi aliyense angakuuzeni kuti ameneyo ndi kafumbata wolowera pamchombo, ndipo jakisoni amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo amateteza zimenezi. Nthawi imeneyo anangoti nthayo. Anakataya azimayi okhaokha, kadzenje kosazama, kulira koletsedwa, mmawa mwake moyo n'kumapitirira ngati sipanachitike kanthu. Agogo anabereka ana asanu ndi anayi, anakula asanu. Ndipo sanali atsoka kuposa anzawo, chifukwa mpaka cha m'ma 1970 m'Malawi mwana mmodzi mwa atatu alionse ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Malungo, chikuku, chifuwa chokoka mtima, kutsegula m'mimba. Mayina aja timawamva a Maliro, Manda, Masiye, Mavuto sankaperekedwa mwachibwana, anali a makolo otopa ndi kukumba.

Chimene chimandipweteka kwambiri si imfa yokha koma mlandu umene unkabwera pambuyo pake. Kumudzi kwakale munthu sankangodwala, pankayenera kupezeka wochititsa. Pali mwana wina wa agogo amene anamuletsa kuyamwa msanga chifukwa mimba ina inabwera, n'kumangomwa phala la ufa woyera lopanda kanthu. Anayamba kutupa mapazi ndi masaya, tsitsi kufiira n'kumapyapyala, kumangolira mosalekeza. Amenewo ndi matenda a kusowa zakudya m'thupi, nsinjiro, mazira ndi nyemba zikanathandiza ndipo zinalipo pakhomo pomwepo. Koma akuluakulu anati tsempho, wina wamudula mwanayu. Ankhoswe anaitanidwa, agogo aamuna anapanikizidwa kuti aulule kumene anayenda, agogo aakazi anafunsidwa ngati sanathire mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera, anthu anapita kukaombeza ula, masiku akudutsa mwana akufooka. Tangoganizani mayi amene mwana akumufera m'manja, uku akufunsidwa mafunso ngati wakuba. Chimodzimodzi mayi akavutika pobereka, mwana osatuluka, azamba ankamuuza kuti atchule amuna onse amene anayenda nawo kuti njira itseguke, pamene vuto linali loti mtsikanayo ndi wamng'ono, chiuno sichinakhwime. Zimenezi zinali nkhanza, olo ochitawo ankakhulupirira kuti akupulumutsa moyo.

Sindikuti miyambo ya mdulo inalibe phindu. Kudika miyezi ingapo mwana akabadwa kunkapumitsa mayi, ndipo mwamuna ankadziwa kuti akayenda kunja mudzi wonse udzamuloza chala mwana akadwala, zimenezi zinkamanga ena miyendo. Koma mtengo wake unkagwera kwambiri akazi ndi nkhalamba zopanda oziteteza. Matenda akachuluka pamudzi pankafunidwa mfiti. Mwabvi boma la atsamunda linauletsa mu 1911 koma sunathe tsiku limodzi, ena ankamwetsa nkhuku m'malo mwa munthu, ndipo m'ma 1930 kunabwera a mchape ochokera cha ku Mulanje akuyenda mudzi ndi mudzi kutsuka ufiti. Mayi wa diso limodzi uja, amene anapulumutsa agogo kumsasa, atakalamba nayenso ananong'onedwapo kuti n'chifukwa chiyani matenda amamulambalala.

Koma pa kudwazika pokha, abale, anthu amenewa ankadziwa. Wodwala sankagona yekha. Amayi ankasinthana usiku, wina kusonkhezera moto, wina kumutembenuza, wina kukamutsamiritsa pachifuwa chake kuti apume. Mmawa mudzi wonse unkadutsa pakhomopo kudzazonda, agona bwanji odwala, ndipo ukapanda kupita anthu ankakuwerenga. Munda wa wodwala anzake ankaupalira osapemphedwa. Mankhwala anali a mizu ndi makungwa, muwawani wa m'mimba, kufukiza masamba atamufunditsa bulangete, kutema mphini n'kupaka, kulumika ndi nyanga pamene pakuwawa. Ena ankathandiza, ena ayi, ena ankawonjezera vuto, koma munthu ankamwalira dzanja lake lili m'dzanja la wina. Amayi awo a agogo ankasimba za chimfine cha 1918, chimene chinafika nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ya Chiwaya ija, ikutha amtengatenga akubwerera kwawo, akuti chinawaopsa kwambiri si kuchuluka kwa maliro koma kuti nyumba zonse zinagona nthawi imodzi, panasowa wotungira mnzake madzi, mwambo wonse wa kudwazika unaima.

Ukamwini nawo unkayesedwa pa nthawi zoterezi. Pa njala ya 1949, imene inavuta koposa m'boma la Blantyre madera a Lunzu, amuna ambiri anachoka akuti akukasaka chakudya, ena n'kubwerera kwa alongo awo osabweranso, kusiya mkazi ndi ana poti anawo si a mtundu wawo. Kwathu njalayo inafika mopepukirapo koma akamwini ena anasowabe. Agogo aamuna ankayenda masiku kukagwira ganyu wa chinangwa n'kubwera ndi kathumba pamutu, ndipo agogo aakazi pa zinthu zonse zimene amuna awo anachita, ichi ankachitchula pafupipafupi, kuti anabwerako.

Ndiyeno panali za amayi anga. Ali ndi zaka ngati zinayi anadwala chibayo, kupuma kwa befu, nthiti kumalowa mkati. Chipatala cha Nkhoma chinalipo kuyambira 1915, ndipo m'ma 1950 mbiri inali itamveka m'midzi ya jakisoni wa penisilini amene ankadzutsa anthu. Agogo aamuna anati tipite naye. Akuluakulu anati ayi, atsibweni ake kulibe anapita kumaliro kutali, mkamwini sangatenge mwana wa eni ake kupita naye kwa azungu, akakafera kumeneko adzayankha ndani? Anati tidikire, titeme kaye mphini. Agogo aamuna anakhala chete tsiku lonse. Usiku anthu atagona anauza akazi awo, mayi a mwana, ndimangireni mwanayu kumbuyo. Mwamuna kubereka mwana ndi nsalu nthawi imeneyo chinali chinthu chosekedwa, koma anamanga, agogo aakazi anatenga kamphika ndi kaufa, n'kunyamuka awiriwiri mumdima, afisi akulira. Anafika masana mapazi atatupa. Mwana anabayidwa majakisoni masiku angapo, anachira, ndi amene anadzandibereka ine.

Atabwerera kumudzi mlandu unawadikira. Atsibweni anakwiya kuti anyozedwa, ankhoswe anakhala pansi, ndipo agogo aamuna analipitsidwa nkhuku chifukwa chotenga mwana wa mbumba ya eni popanda chilolezo. Analipira osatsutsa, anagwada n'kuomba m'manja, wawa ndalakwa. Amayi anga akamasimba apa amapukuta misozi, amati bambo anga anandipulumutsa n'kulipiranso nkhuku. Koma chinasintha china pamudzipo, chifukwa kuyambira pamenepo mwana akadwala chifuwa azimayi ankayamba okha kunena za ku Nkhoma, ndipo magulu a katemera atayamba kuyenda m'midzi agogo aakazi ndi amene ankakoka ana a anthu obisidwa m'nkhokwe, akuloza nkhope yawo kuti mukufuna adzakhale chonchi? Nthomba inatha m'Malawi mu 1971, ndipo mu 1980 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti yatheratu padziko lonse.

Chitengwa agogo aamuna anapemphapo kawiri, kuti atenge banja lawo akakhale kwawo, kawiri konse eni mbumba anakana poti agogo aakazi ndiwo anali msanamira ya pamudzipo, odwala onse ankathamangira kwa iwo. Nde anakhala chikamwini moyo wawo wonse, anabzala mango, anakumba chitsime, anatsegula dimba kudambo limene linadyetsa ana ndi adzukulu, ine ndinadyako nzimbe zake. Tsitsi linachita imvi ali pamudzi wa eni, kumphala ankakhala nawo koma mlandu wa pamudzi ukamakambidwa mawu awo anali omaliza kufunsidwa.

Agogo aakazi ndiwo anatsogola. Anadwala nthawi yaitali, ndipo olo ana aakazi analipo, usiku amene ankawatembenuza ndi kuwasambitsa anali amuna awo, ankakana kuti wina awagwire. Maliro atatha, kumeta kutachitika, ankhoswe anakumana monga mwa mwambo kuti awasudzule. Mawu ake ndi aulemu, akuti takumasulani, mwatisungira mwana wathu bwino, mukhoza kubwerera kwanu. M'midzi yambiri nkhalamba yotere ana ake amaiumiriza kukhala ndipo imakhaladi, amayi anga ndi abale awo anapempha zomwezo, anagwada. Koma atsibweni awo amene analipo nthawi imeneyo anali ndi diso pa dimba lija, ananena kuti mwambo ndi mwambo, sitingasunge mkamwini pamene mkazi wake kulibe. Agogo aamuna sanafune kukangana ndi alamu awo pamaso pa ana. Anatenga khasu, nkhwangwa ndi sutikesi yachitsulo ya ku Joni ija, n'kubwerera kumudzi umene anauchoka ali mnyamata, kumene amene ankawadziwa ambiri anali atapita kale, n'kukasungidwa ndi adzukulu a mlongo wawo. Amayi ankapita kukawaona ndi kaufa ndi sopo, anayesa kuwatenga kuti adzakhale nafe koma iwo ankati ndakalamba, ndisamangosamukasamuka. Sanakhalitse, anamwalira patangopita zaka ziwiri ndipo anaikidwa kwawoko.

Nkhani imeneyi kubanja kwathu sinazime. Pamaliro kapena paukwati tikakumana imatulukabe, ena amati atsibweni aja anangotsata zimene anapeza ndipo si bwino kuweruza akufa, ena amati mwambowo sunalamule kuti nkhalamba ichotsedwe, unangopereka mpata kwa wofuna dimba. Amayi anga mpaka lero nzimbe za m'dimba limenelo sadya, wina akabweretsa amabweza, ndipo ine pa nkhaniyi ndili mbali ya amayi.